Dothi la a Namakhwa

Sabata yatha chinakwana chaka a Namakhwa atatisiya. Kutchalitchi kwathu ku Smethwick, kuno kudziko la Angerezi, abusa anatchula dzina lawo pa zolengeza, pakati pa nkhani ya malo oimika galimoto ndi ya kwaya ya amayi, ndipo tinaimirira pang'ono. Potuluka, munthu wina amene wabwera kumene anandifunsa ngati ndi aja ankasunga matope pansi pa bedi. Ndinavomera. Ndinaona kuti ndi zokhazo zimene zatsala pakamwa pa anthu, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Ndinakhala nawo nyumba imodzi ku Lozells. Inali nyumba ya lendi, yopanikizana ndi zinzake mumzere, chipinda chilichonse banja lake, khitchini ndi bafa za tonse. Ine ndi mkazi wanga tinabwera nthawi imene zipatala za kuno zinkatenga manesi ambiri kumudzi. Iye nesi, ine wotsatira. A Namakhwa tinawapeza, ndipo anali atakhala kuno kuposa wina aliyense amene tinkamudziwa.

Kwawo kunali ku Mulanje. Asanabwere ankagwira ntchito yoyeza mitsinje: kuchuluka kwa madzi, liwiro lake, ndi matope amene atenga. Anapeza mwayi wa maphunziro apamwamba kuno, n'kusiya akazi awo, mayi Edina, ndi ana atatu. Kumudzi anawaphera mbuzi powatsanzika ndipo anayamba kuwatcha a Dokotala asanakwere n'komwe ndege. Mphunzitsi wamkulu amene ankawayang'anira ankafufuza nyanja za m'mapiri a ku Norway, ndipo a Namakhwa anapita naye kumeneko kangapo. Kenako mphunzitsiyo anadwala n'kumwalira, thandizo la maphunziro linatha, viza nayonso inatha. Iwo anatsala ndi matope a m'nyanja zija. Ankalakalaka kumudzi, tsiku silinkapita osakutchula. Koma ankati abwerera akamaliza, ndipo ankadziwa kuti kwa munthu wopanda mapepala kutuluka m'dziko muno n'kutuluka kosabwereranso. Mayi Edina ankadikira.

Ankagwira ntchito m'fakitale yolongedza zakudya, m'dzina la munthu wina. Anandiuza kuti miyezi yoyambirira akaitanidwa dzinalo sankatembenuka, mpaka anzawo ankayesa kuti ndi ogontha, ndipo iwo anangosiya kuti aziganiza choncho. Ankavala jekete ndi tayi popita, n'kukavula kumeneko. M'basi ankakhala pampando wakutsogolo kuti atsike msanga. Akaona wapolisi sankathawa, ankangoima n'kuyamba kuwerenga chikwangwani chilichonse chimene chili pafupi.

Tiyi ankamwera m'tambula yagalasi, osati m'kapu. Mkaka ankathira wochokera mufiriji, pang'onopang'ono, chakumbali, kenako n'kukuitana kuti uone. Mkakawo unkatsika n'kukwawa pansi pa tiyi usanasakanikirane. Pamenepo phunziro layamba, ndipo amayi a m'nyumbamo ankakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya zovala m'makina. Ine ndinkatsala, chifukwa sindidziwa kuchoka munthu wamkulu akulankhula.

Ankati m'mapiri akumeneko chipale chimagwa osasungunuka chonse. Chimaunjikana zaka ndi zaka mpaka kusanduka chimtsinje cha ayezi, chimene chimatsetsereka pang'onopang'ono moti maso sangaone. Dzina lake ndi glasiya. Poyendapo chimapera miyala ya pansi pake monga mmene mphero imaperera mawere, ndipo kukatentha ufa wakewo umatsika ndi madzi osungunuka kukalowa m'nyanja. Madzi amatopewo akalemera amamira n'kukwawa pansi mpaka pakati pa nyanja, ngati mkaka uja. Akapepuka amayenda pamwamba, mphepo n'kuwakankhira kumene yafuna. Apa ankauzira tiyi wawo kuti ndione. N'chifukwa chake, ankatero, mbali imodzi ya nyanja imalandira matope ambiri inzake n'kumanidwa, ndipo munthu wokumba malo amodzi okha amanamizidwa.

Chimene ankachikonda kwambiri chinali chotsatira. Mchenga wokhakhala umagwa pansi msanga, m'nyengo yotentha momwemo. Ufa wosalala kwambiri umangoyandama miyezi yambiri chifukwa mphepo siupatsa mpata, ndipo ndiwo umachititsa kuti nyanjayo ioneke ngati mkaka wobiriwira. Umadikira kuti nyanja iundane pamwamba. Ayezi akatseka, mphepo yatsala kunja, madzi ali zii, ndi pamene umatsika. Motero chaka chilichonse chimasiya mizere iwiri pansi pa nyanja: woyererako wokhakhala wa nyengo yotentha, ndi wodera wosalala wa nyengo yozizira. Chaka chotentha kwambiri mzere wake umanenepa. Mvula yamkuntho imaika kamzere kena pakati, ndipo wosasamala amakawerenga ngati chaka.

Iwo ndi mphunzitsi wawo ankapita nyanja itaundana, kuboola ayezi, kukhomera paipi yaitali pansi n'kuitulutsa yodzaza matope. Ankanena moseka kuti tsiku loyamba kuyenda pamwamba pa nyanja anamvetsa chimene chinamiza Petro: ndi kuyang'ana pansi. Paipi ina yotero, itang'ambidwa pakati n'kudulidwa m'zigawo, ndi imene inali pansi pa bedi, yokutidwa ndi pulasitiki. Anaitenga tsiku limene anauzidwa kuti achotse katundu wawo kusukulu.

A Mwale, mkulu wa mpingo, sankagwirizana nawo. Tsiku lina atabwera kudzachezera odwala m'nyumbamo, a Namakhwa anawaonetsa chigawo chimodzi. A Mwale analoza mzere wonenepa n'kunena kuti chigumula cha Nowa ndi chimenechi. A Namakhwa anati ayi, imeneyo ndi mvula ya masiku ochepa imene inagwera pa ayezi wosungunuka, ndipo dothi lawo lonse likungofika nthawi ya azigogo athu, ndi Nowa alibe naye mlandu. Lamulungu lotsatira a Mwale analalikira kuti machimo ali ngati matope a m'bale wathu wina, amakhazikika mtima ukakhala chete. A Namakhwa anawadikirira pakhomo n'kuwauza kuti asokoneza mizere, ndiponso kuti matope ndi matope, asamawasenzetse Baibulo. A Mwale anayankha kuti chimene iwo sakumvetsa n'chakuti munthu wamkulu angasiye bwanji mkazi chifukwa cha matope, pamene ku Mulanje matope ali ponseponse, aulere. Anthu anaseka. A Namakhwa anakhala osabwera kutchalitchi mpaka Pasaka.

Imfa yawo inali yachidule. M'nyumba mwathu munali manesi atatu, ndipo onse ankawayeza kuthamanga kwa magazi pathebulo la m'khitchini n'kuwachonderera kuti apite kwa dokotala. Iwo ankaopa kufunsidwa dzina. Ankati mutu ukuwawa chifukwa cha magetsi a kufakitale. Anagwa pamalo okwerera basi m'mawa wina akupita kuntchito, ndipo tinachedwa kumva chifukwa khadi la m'thumba mwawo linali la dzina lina lija. Thupi silinapite kumudzi. Aliyense amene wakhala kuno akudziwa mmene zimenezi zimavutira. Tinawaika ku manda a ku Handsworth, mvula ikuwaza, a Mwale akutsogolera nyimbo.

Nkhani ya dothi, imene anthu amaiseka, inachitika zaka zochepa asanamwalire, ndipo ndinaiona ndi maso anga.

Anakumana m'basi ndi mayi wina wachizungu amene anaphunzira naye kale, tsopano ali mphunzitsi pasukulu ina yaukachenjede. Mayiyo anawazindikira, ndipo atamva kuti paipi ija idakalipo anadabwa. Anati abweretse aione. Ngati mizere ili bwino akhoza kulemba limodzi, dzina la a Namakhwa n'kukhala patsogolo. Sunali udokotala, koma chinali chinthu chogwirika m'manja. Tsiku lomwelo a Namakhwa anagula khadi la foni n'kuuza mayi Edina kuti ulendo uno ndi zenizeni, Khirisimasi adzadyera kumudzi. Ndinawamva akuimba nyimbo m'bafa, chinthu chimene sankachita.

Atatsegula pulasitiki anapeza kuti chinyezi cha m'chipinda chalowa ndipo nkhungu yayamba m'mbali. Anachotsa dothi la zigawo zam'mwamba mosamala n'kuliyala pa matileyi ophikira a m'khitchini, mwandondomeko, chilichonse ndi kapepala kake. Anawaika m'kabati ya boyila yotenthetsa madzi, malo okha ouma ndi ofunda m'nyumba yonse. Sanauze munthu, chifukwa anali atatopa kusekedwa.

Sabata yomweyo kunabwera mayi wina kuchokera kumudzi, ndipo monga mwa nthawi zonse anasenzetsedwa katundu wa anthu: usipa, mfutso, ufa, mtedza. Zonse anazitula kwathu kuti eni ake azidzatenga. M'chipinda chapansi munkakhala a Gondwe ndi akazi awo a Esnart, nesi, amene anali ndi pathupi poyamba. Mimba inkawafunsa dothi, lija amayi oyembekezera amadya kwathu, ndipo anali atatumiza uthenga kwa amayi awo kuti awagulire pamsika. A Esnart atabwera kushifti, amuna awo anawauza kuti katundu wafika, ali m'khitchini penapake. A Esnart anatsegula makabati onse, n'kupeza dothi lokongola, pa matileyi awo omwe, pamalo ofunda pamene munthu wanzeru angaike dothi kuti lisanyowe. Timapepala tija anayesa ndi zizindikiro za wonyamula. Analiswa, kuliwaza mchere, kuliwamba mu uvuni, n'kulithira m'chigoba cha ayisikilimu. Lina anakagawira anzawo awiri oyembekezera kumsonkhano wa amayi. Dothi la amayi awo linapezeka pambuyo pake, pansi pa thumba la ufa.

A Namakhwa sabata imeneyo ankatuluka m'mawa n'kubwera atatopa, ndipo anatsegula kabatiyo Lamulungu masana. Ine ndinali pathebulo. Anaima nthawi yaitali, kenako anatseka n'kutsegulanso. Matileyi anali pamalo pake pamwamba pa uvuni, otsukidwa. Anandifunsa ndi mawu otsika ngati landilodi anabwera. Ndinati ayi. Anafunsa a Gondwe, amene poyamba sanamvetse, kenako anaika dzanja pakamwa n'kupita kukaitana akazi awo.

A Esnart anabwera ndi chigoba chija n'kugwada pansi, mimba yonseyo.

"Bambo, ndimayesa ndi la amayi anga."

A Namakhwa analandira chigobacho ndi manja awiri n'kupita nacho pafupi ndi magetsi. Anagwedeza pang'ono. Munatsala tizidutswa toyererako tokhatokha.

"Nanga lodera lija lili kuti?"

"Ndi limene limakoma, bambo. Losalala, limasungunuka pakamwa. Loyerali lili ndi mchenga, limandipweteka mano, ndiye ndimaligawanitsa ndi chikhadabo n'kulisiya."

A Gondwe anayamba kulankhula za kulipira, koma a Namakhwa anakweza dzanja.

"Ndiye kuti mwadya nyengo zozizira zonse, mwandisiyira zotentha."

Anaseka pang'ono, ndipo a Gondwe anaseka nawo mokweza chifukwa cha mantha. A Namakhwa anasiya kuseka msanga. Anauza a Esnart kuti adzuke, pansi pazizira. Anawauzanso kuti mawa lake akafotokoze kwa mzamba chimene adya, iwo ndi anzawo awiri aja, chifukwa ufa wa miyala ya kumeneko palibe amene anauyeza kuti ndi wodyedwa. Atatero anakwera m'chipinda chawo ndi chigoba chija.

Masabata angapo anayesa kulumikiza tizidutswato pa nyuzipepala. Sizinatheke. Anandifotokozera kuti kuwerenga kumayambira pamwamba, pa chaka chimene unakumba, n'kumatsika. Zigawo zapansi zinalipo, koma popanda zam'mwamba palibe amene angadziwe kuti mzere uti ndi wa chaka chiti. Zolemba zawo zakale anali nazo, koma mayi wachizungu uja ankafuna kuona dothi lenilenilo. A Namakhwa sanapiteko. Mayi Edina anauzidwa kuti mphunzitsiyo watanganidwa, mwina chaka chamawa.

Mwana wa a Esnart anabadwa wathanzi. Kuyambira pamenepo mbale ya a Namakhwa inkachokera m'chipinda cha a Gondwe tsiku lililonse mpaka imfa, ndipo iwo ankalandira mothokoza. Sanatchulenso nkhaniyo kwa a Esnart, ngakhale mwanthabwala. Koma kutchalitchi inafalikira, ndipo amuna ena ankawafunsa ngati atsala ndi lina, akazi awo akulifuna.

Ine ndinaganiza kuti mwina zachitika bwino. Chimene chinkawasunga chachoka, tsopano angapite. Ndinawauza zimenezi, ndipo anavomera mosavuta moti ndinadabwa. Panali njira yoti munthu wopanda mapepala akadzipereke yekha n'kuthandizidwa kubwerera kwawo. Tinagula sutikesi ku Cape Hill. Anasankha nsalu za mayi Edina, ndi nsapato za zidzukulu zimene sanazione, akuyerekeza kukula kwa mapazi ndi zala. Ndinapempha tsiku kuntchito n'kuwatenga pagalimoto kupita ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka ku Solihull.

Titafika ndinazimitsa galimoto. Iwo anamasula lamba, n'kugwira chotsegulira chitseko, koma sanatsegule. Tinaona anthu akulowa ndi mafayilo awo, ena ndi ana. Mawindo anachita nthunzi ndipo ndinapukuta ndi dzanja.

"A Zimba, ndikatsika pa Chileka, m'manja ndidzanyamule chiyani?"

Ndinati sutikesi ili kunyumba, yodzaza.

"Ana anga anakula akuuzidwa kuti bambo sanakuthaweni, akuphunzira. Kusukulu ankamenyana ndi anzawo chifukwa cha mawu amenewo. Wamng'ono uja wakwatiwa ine kulibe, anamuuza kuti ndili pa mayeso. Ndikafika chonchi, ndiye kuti anzawo aja ankanena zoona."

Ndinawayankha kuti mayi Edina sanakwatiwe ndi pepala, ndipo kuti zimene akudikira ndi munthu, pamene adakali ndi mpweya. Ndinanena zambiri kuposa mmene ndimanenera. Iwo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anakokanso lamba n'kumanga, n'kundipempha kuti tidutsire kufakitale, mwina angapezebe theka la shifti.

Tinakhala miyezi tikungopatsana moni pamasitepe. Anayamba okha kundiitananso pa tiyi, koma ankamwera m'kapu ngati wina aliyense, ndipo tinkakamba za mpira ndi za mitengo ya zinthu. Khirisimasi iliyonse ankaimba foni kumudzi n'kunena kuti chaka chamawa. Sindikudziwa ngati mayi Edina ankakhulupirira. Sanasiye kufunsa.

Maliro atatha landilodi anafuna chipinda, ndipo ntchito yochotsa katundu inagwera ine. Nditamaliza ndinaimbira mayi Edina kuti ndiwauze zimene titumize ndi munthu wopita kumudzi. Sanafune kumva zimenezo. Anafunsa kumene ndaima, ndipo nditati m'chipinda cha bambo, anati:

"Achimwene, ine chipindacho sindinachione. Tandiuzani mmene chilili."

Ndinawauza. Chili pamwamba penipeni, pansi pa denga, ndipo dengalo limatsika chakubedi moti munthu wamtali ngati a Namakhwa ankaima mowongoka pafupi ndi chitseko pokha. Pamtanda wa denga pali malo amene penti inasalala ndi dzanja lawo, pamene ankagwira powerama. Bedi ndi la munthu mmodzi, lachitsulo, matiresi analowa pakati. Pali mpando umodzi ndi kathebulo kamene mwendo wake anauchirikiza ndi katoni yopinda. Kuseri kwa chitseko kuli msomali. Pakhoma la kumutu pali chibanga chakuda cha chinyezi chimene ankachipukuta n'kumabwereranso.

Anafunsa za zenera, kuti limayang'ana kuti. Ndinati limayang'ana khoma la njerwa la nyumba yoyandikana, pafupi moti ukatulutsa tsache ungaligunde. Anafunsa ngati dzuwa limalowa. Ndinati masiku otentha limafika pamphepete pa zenera masana, pang'ono, kenako n'kubwerera.

"Pitirizani," anatero.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Mawu a makina analowerera m'Chingerezi kundiuza kuti khadi latsala pang'ono kutha. Mayi Edina sanawamve, ankadikirabe.

"Pitirizani, achimwene, ndikumva."

Ndinawauza kuti chipinda chake n'chomwecho.